Paipi Yogogoda ya ku Mgodi

Chimene mayi wina, telala, anayamba kuona chinali supuni. Inali m'kapu yopanda kanthu pashelefu ya kukhitchini, ndipo inkanjenjemera yokha, popanda munthu woikhudza. Anaimitsa makina ake osokera n'kutchera khutu. Kunja kunali kutangoda kumene. Kenaka anamva chimene chinkagwedeza supuniyo: kugogoda kwapansipansi, kochokera m'paipi yakale yachitsulo imene inadutsa m'munsi mwa khoma la khitchini yawo.

Paipi imeneyo inali ya mgodi, monga zinalili zinthu zambiri m'tauni imeneyo. Mgodi wa golide unatsekedwa zaka makumi atatu zapitazo. Eni ake anapakira chilichonse chimene chikanakwera lole n'kumapita, osatsanzika n'komwe. Zimene anasiya ndi zimene zinawakanika kuzula: nsanja yachitsulo yokhala ndi mawilo awiri pamwamba pake, chumuni chachitali chong'aluka, nyumba yoperera miyala yopanda denga, njanji zomira m'udzu, ndi mizere ya nyumba za antchito, momwe ana ndi adzukulu a antchitowo ankakhalabe. Pansi pa nsanjapo panali dzenje lenilenilo, lotsekedwa ndi matabwa owola. Paipi ija inkachokera m'dzenjemo, n'kudutsa kuseri kwa kanyumba ka mlonda, n'kutsata mzere woyamba wa nyumba. Kale inkatulutsa madzi a pansi. Tsopano inali youma, yadzimbiri, ndipo amayi ankayanikapo zisanza.

Kunena zoona, kugogoda sikunali kwachilendo. Kwa miyezi isanu ndi umodzi paipiyo inkalira usiku, ngwe-ngwe-ngwe, mwaphokoso, mpaka agalu kuuwa. Mlonda wa pamgodipo, amene onse ankamutchula kuti Jasi chifukwa sankavula chijasi chake ngakhale dzuwa liswe mtengo, ndiye ankafotokozera anthu. Ati ndi anthu amene anafera pansi kalekale, akufunabe kukwera. Ati iye anawaona ndi maso ake, atavala zisoti, alibe nkhope. Anthu anasiya kudutsa njira ya kumgodi dzuwa likangopendeka, ndipo ngakhale otola zitsulo zakale anasiya kupitako.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankaseka nkhani imeneyi: bambo ake a telalayo, a Belu. Dzinali analitenga kuntchito. Zaka makumi awiri ndi ziwiri anakhala pakamwa pa dzenje lija, kumvetsera belu lochokera pansi n'kuuza woyendetsa chikepe kuti akweze kapena atsitse anthu. Tsopano maso anali atachita ng'ala, mawondo akukana, ndipo akayamba za mgodi anthu ankayang'anana n'kuzemba mmodzimmodzi.

"Ngati ili mizukwa, ndiye ndi mizukwa yosadziwa ntchito," ankatero iwo. "Kumenya ngati mwana akusewera ndi chitini! Ine ndikanaichotsa ntchito tsiku lomwelo."

Koma kugogoda kwa madzulo amenewo, Lachiwiri, kunali kwina. Kunalibe phokoso. Kunkabwera kuchokera kutali kwambiri, pang'onopang'ono, ngati munthu wodwala akukoka mapazi, kenaka zii, kenaka n'kuyambanso. Telalayo anaimirira n'kuyang'anitsitsa paipiyo. Mwamuna wake kunalibe. Anali mmisiri womanga nyumba, ndipo anachoka Lolemba m'mawa atanena kuti wapeza ntchito ya mlungu umodzi kutali. A Belu anali m'chipinda chawo, wailesi ili pakhutu monga mwa masiku onse. Mayiyo sanafune kuti nkhalambayo iyambenso nkhani zake zosatha zija. Anatola masaka akale ndi bulangete long'ambika n'kukwirira paipi yonse, kenaka anachotsa supuni m'kapu muja.

Lachitatu pampopi panali nkhani. Mayi wina anati m'bandakucha wa Lachiwiri anamva nthaka ikuti khuu, mpaka mbale kugwa pathandala. Wina anati galu wake wakana kudya, akungoyang'ana kumgodi n'kumalira. Wina, atatsitsa mawu, anati mwana wake wagona ndi malungo osadziwika bwino chiyambire kugogoda kwatsopanoku.

"Koma zitha," anatero mayi wogulitsa makala. "Jasi wapita yekha ku ofesi ya boma kukadandaula. Lachisanu m'mawa kubwera malole a simenti. Atseka dzenje lonse, ndi paipi yomwe."

"Atseke ndithu," anatero telala, ndipo ananena ndi mtima wonse. "Tatopa nazo."

Madzulo amenewo kugogoda kunabweranso, kofooka kuposa dzulo lake. Kunkadutsa m'masaka muja ngati mtima wa munthu ukugunda pansi pa malaya. Mayiyo anapalasa makina ake mwamphamvu kuti asamve, mpaka anasoka mkono wa diresi la mwini wake chagada.

Lachinayi dzuwa litangolowa magetsi anathima. Wailesi ya a Belu inakhala chete pakati pa nyimbo, mzere wonse wa nyumba unangoti bii, ndipo kwa kanthawi kunalibe phokoso lililonse kupatula mphepo ikulira m'chumuni chija. Telala ankapapasa machesi pashelefu pamene anamva ndodo ya bambo ake ikubwera m'kanjira.

"Mwanangu, taima. Usagwedezeke."

"Ndi zomwe zija, bambo. Mawa atseka."

"Ndati khala chete!"

Chibadwire sanawamvepo akulankhula ndi mawu otero. Nkhalambayo inagwada movutikira, n'kukankha masaka aja, n'kugunditsa khutu pachitsulo. Mayiyo atayatsa kandulo anaona milomo yawo ikuwerenga.

"Kasanu," ananong'ona. "Wapuma. Kasanu kenanso. Wapuma. Katatu." Anadzutsa mutu, ndipo nkhope yawo inali itasintha. "Zayamba liti izi?"

"Lachiwiri."

"Lachiwiri! Ndiye iwe n'kufunditsa bulangete? Kalanga ine! Kasanu ndi kasanu ndi belu la ngozi, ndiye kuti munthu wavulala. Katatu kotsatirako ndi njira yachitatu ya pansi. Uyu si Jasi ndi nthano zake. Uyu ndi munthu wodziwa mabelu, ndipo akuitana."

"Nanga si omwe anafera pansi aja? Iwonso ankawadziwa mabeluwo."

"Bweretsa nyundo."

Anawapatsa kanyundo kokhomera mabatani. Lamulo la pamgodi, iwo anati, linali lakuti wolandira belu alibweze momwe walimvera, kuti wapansi adziwe kuti wamveka. Koma iwo anachita dala. Anamenya kasanu, kasanu, kenaka kanayi m'malo mwa katatu. Anadikira. Phula la kandulo linkadonthera mayiyo pachala, iye osamva kutentha.

Yankho linabwera mothamanga, ngati munthu amene wadzidzimuka kutulo. Katatu. Katatu. Katatunso, mwamphamvu zonse zimene zinatsala.

"Wamva?" anatero a Belu. "Wandikonza. Wakufa alibe nazo ntchito kuti chikepe chiima panjira iti. Uyu ali moyo, ndipo akuopa kuti timufuna malo olakwika."

"Koma ndani, bambo? Anzanu onse anatha."

Nkhalambayo inalankhula mosafuna. "Amene ndinagwira nawo ntchito anatha, inde. Koma alipo mmodzi amene sankathawa ndikayamba nkhani zanga. Ankakhala nane pakhondepo madzulo, ine n'kumamenya patebulo, iye n'kumayankha. Ine ndinkayesa ulemu wa mkamwini chabe."

Mayiyo anadzambatuka. Anathamangira kuchipinda n'kukoka bokosi la zida la mwamuna wake kunsi kwa bedi. Zonse zomangira zinali momwemo, ndi chingwe choongolera njerwa chomwe. Mmisiri wanji wopita kukamanga wopanda zida? Chimene chinasowa ndi nsapato zajombo ndi tochi yaikulu. Anakhala pansi pomwepo. Masiku atatu! Masiku atatu mwamuna wake akumuitana m'khitchini mwake momwe, iye n'kumamufunditsa masaka.

Anagogoda pazitseko za mzere wonse. Ena sanatsegule n'komwe. Ena anayankhira pazenera kuti a Belu ukalamba wawalowa m'mutu, ndipo palibe wamisala amene angapite kumgodi mdima uno. Anapita yekha mpaka pakanyumba ka mlonda. Jasi anatsegula pang'ono chabe, n'kumuunika kumaso.

"Amuna anu? Ine ndiwadziwa bwanji amuna anu? Bwererani, mayi, zisanakuoneni zapansizi."

Anabwerera. Iye ndi bambo ake anachezera pa paipi ija, akumenya pakapita kanthawi kuti wapansiyo asataye mtima. Nthawi iliyonse yankho linkachedwerako.

Malole anafika dzuwa likutuluka, awiri, ndi anthu asanu ndi atatu onyamula mafosholo. Anapeza mayi ataimirira pamatabwa owola aja, pakamwa penipeni pa dzenje, manja ali m'chiuno, ndipo pambali pake nkhalamba itakhala pandowa yovundikira. Anthu a m'mizere anali atayamba kale kusonkhana chapatali. Kukacha aliyense amalimba mtima.

Kapitawo wa ntchitoyo anali munthu wamfupi, wa chisoti choyera. Anatsika m'lole akupukusa mutu.

"Mayi, chokanipo apo. Matabwa amenewo akhoza kuthyoka."

"Athyoke. Mukathira simenti wanuyo muthire ndi ine ndemwe. Mwamuna wanga ali pansipa, ali moyo."

"Musawamvere, bwana," analowerera Jasi. "Ndi zomwe ndinakuuzani zija. Zawazunguza mutu. Akuluwa ndiye aliyense akuwadziwa, amalankhula ndi zitsulo."

Anthu ena anaseka. A Belu sanatembenuke n'komwe.

"Bwana kapitawo," anatero modekha, "ine sindikupemphani kuti mundikhulupirire. Sankhani nambala iliyonse imene mukufuna. Imenyedwe pa paipi iyi. Ikapanda kubwerera momwemo, ine ndikuthandizani kusakaniza simenti."

Kapitawo anayang'ana wotchi yake, n'kuyang'ana mayi uja. Anaona kuti sachoka.

"Chabwino. Koma musamenye inu, mungakhale ndi kachinyengo kanu. Iwe mlonda, tenga nyundo iyi. Menya kasanu ndi kawiri."

Jasi anazengereza, koma maso onse anali pa iye. Anagwira nyundo n'kumenya. Pomenya paliponse nyundoyo inkadumpha n'kugundanso kachiwiri, ngwe-ngwe, ngwe-ngwe. A Belu anadzutsa mutu pang'onopang'ono ngati munthu amene wamva mawu a mnansi wake pagulu.

"Eyaa," anatero. "Ndi limeneli."

"Chiyani, bambo?" anafunsa kapitawo.

"Dzanja limeneli. Ine maso ndilibe, koma zaka makumi awiri ndi ziwiri ndinkadziwa amene akuliza belu pansi osamuona. Munthu aliyense ali ndi kamenyedwe kake. Uyu sagwira nyundo molimba, amaisiya idumphe. Mzukwa umene watisowetsa tulo miyezi isanu ndi umodzi ndi uyu waima apayu, ndi chijasi chake."

Pagulu panamveka kung'ung'udza. Jasi anatsegula pakamwa kuti akane, koma kapitawo anakweza dzanja. Anali atagwada, khutu lili pa paipi. Onse anakhala chete. Mphepo inkalira m'nsanja muja, mawilo adzimbiri akuchita kwii pang'ono. Ndipo kuchokera pansi penipeni, mofooka kwambiri moti anamva ndi okhawo amene anali pafupi, kunabwera kugogoda. Kapitawo ankawerenga ndi zala. Chachisanu ndi chiwiri chitapindika, anaimirira, nkhope itatuwa.

"Zimitsani malole!" anakuwa.

Telala anali atafika kale pa Jasi. Anamugwira pakhosi pa chijasi chija ndi manja onse awiri, manja ozolowera kukoka nsalu zolimba.

"Alipo angati? Nena, ndisanakuponyemo!"

Zonse zinatuluka ngati madzi a m'ndowa yobooka. Analipo atatu. Iye ndiye ankawalowetsa pa kadzenje ka mpweya kuseri kwa nyumba yoperera miyala, kuti azikasema miyala ya golide imene inatsalira, n'kumagawana. Paipi ankamenya kuti anthu aziopa kuyandikira. Lachiwiri kadzenjeko kanagumuka. Anaganiza kuti onse afa, anachita mantha ndi ndende, ndiye anathamangira ku ofesi kuti dzenje litsekedwe nkhani ithere pansi.

"Ndipo unkawamva akugogoda?" anafunsa mayi wamakala uja.

Jasi anangoweramitsa mutu. Abale, pakanapanda anthu a simenti aja kumutsekera m'lole, sindikudziwa kuti chijasi chija chikanatsala ndi munthu m'kati.

Koma kulowa kwake nanga? Makwerero a m'dzenje lalikulu anawola kalekale, ndipo kadzenje ka mpweya kanali katadzaza miyala. Kapitawo anati aitane akatswiri a kutali, afika mawa.

"Mawa mudzatulutsa mitembo," anatero a Belu. "Ndinyamuleni. Njira yachitatu ili ndi khomo lake."

Anawakweza pawilibala. Nkhalamba imene dzulo lake anthu ankaizemba inali patsogolo, ndodo ikuloza, tauni yonse ikutsatira pambuyo ndi mapiki. Anatsika kuseri kwa chitunda, kupyola mulu wa mchenga woyera umene sumera kanthu, mpaka kukhwawa. Iwo ankafunsa zimene sankatha kuona. Mwafika pa chipilala chothyoka? Tembenukirani kumanzere. Pali madzi ofiira akutuluka pansi pa zitsamba? Dulani pamenepo. Zikwanje zitagwira ntchito, panaoneka khoma la njerwa lakuda ndi ndere, lobisika kwa zaka makumi atatu.

"Ngalande yotayira madzi," anatero a Belu. "Tinaitseka ndi manja athu mlungu womaliza. Njerwa ziwiri zokha kunenepa kwake. Gumulani!"

Khoma litagwa munatuluka mpweya wozizira, wonunkha dzimbiri ndi matope. Amuna aja anabwerera m'mbuyo, aliyense akuyang'ana mnzake. Telala analanda tochi m'manja mwa kapitawo n'kulowa. Manyazi anawagwira, anamutsatira.

M'katimo mdima unali wolemera, woti tochi inkangoboola kadzenje kakang'ono patsogolo. Madzi ankafika m'mawondo, ozizira mpaka m'mafupa. Denga linkadontha, tho, tho, tho, ndipo phokoso la mapazi awo linkapita kutsogolo n'kubwerera ngati kuli anthu ena akubwera kudzakumana nawo. Anadutsa ngolo yachitsulo itagona chammbali, ndi chisoti chakale chikuyandama. Palibe amene ankalankhula mokweza. Mitengo yochirikiza denga inali yofewa ngati buledi wonyowa, ndipo kapitawo ankanong'oneza aliyense kuti asaikhudze.

Atayenda mpaka kuiwala kuwala kwa dzuwa, anafika pamulu wa miyala umene unatseka njira. M'mbali mwake munkatuluka paipi. Mayiyo anatola mwala n'kumenya katatu. Yankho silinabwere m'chitsulo. Linabwera ndi mawu, aang'ono, osasa, kuseri kwa miyalayo.

"Mayi a kunyumba? Ndinu?"

"Ndine, bambo inu! Ndine! Musalankhule, sungani mpweya, mabodza anuwo mudzanena kunja!"

Ankalira uku akufukula ndi manja. Amuna aja anapanga mzere, mwala uliwonse ukudutsa dzanja ndi dzanja. Anagwira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Kawiri denga linakhetsa dothi onse n'kuuma ngati mitengo, kawiri anayambiranso. Potsiriza panatseguka mpata wokwana mapewa a munthu.

Anatuluka onse atatu. Awiri ankayenda mogwiriziza. Mmisiri uja anamunyamula pachitseko chimene munthu wina anazula kunyumba kwake, mwendo utathyoka, milomo itang'ambika, dzanja lamanja litatupa chifukwa chomenya chitsulo ndi mwala masiku anayi. Atangotulukira kukhwawa kuja, chigwa chonse chinaphulika. Amayi ankakuwa, amuna ankaponya zisoti m'mwamba, oyendetsa malole ankaliza mahutala, ndipo mayi wamakala, yemwe uja ankakondwera kuti atseka, ndiye ankavina kuposa onse.

Onyamula chitseko anaima pafupi ndi wilibala ija. Mmisiri anatambasula dzanja lake lotupalo.

"Apongozi," anatero movutikira, "ndinkadziwa kuti mukangomva, simulakwitsa."

"Ndinalakwitsa dala, chitsiru iwe," anatero a Belu, misozi ikutsika m'masaya. "Ukachira ndidzakukwapula ndi ndodo iyi. Pitani naye kuchipatala, msanga!"

Dzuwa linali litatsala pang'ono kulowa pamene gulu linabwerera pansanja paja. Malole anali akudikirabe. Kapitawo sanapereke lamulo. Anavula chisoti chake choyera, n'kupita kukaima patsogolo pa nkhalambayo.

"Bambo, ntchito ija tinabwerera ikadalipo. Koma sindithira kanthu musananene inu."

A Belu anapempha nyundo. Anawathandiza kugwada pa paipi, ndipo anamenya pang'onopang'ono, momveka bwino, belu lofunsa ngati pansi patsala munthu. Kenaka anagunditsa khutu pachitsulo. Anthu mazana awiri anaima chilili, osatsokomola, ngakhale makanda kumsana anangoti duu. Anamvetsera nthawi yaitali, yaitali kwambiri, mpaka ena anayamba kumva tsemwe. Anamenyanso, n'kumvetseranso. M'paipimo munali zii.

Nkhalambayo inadzuka yokha, popanda woigwira, n'kupereka nyundo kwa kapitawo.

"Anthu anga onse akwera," inatero mokweza kuti aliyense amve. "Thirani."